Mowa, utsi ndi matewe: mmene umboni wa asayansi umasandukira lamulo kuno ku Manchester

Anzathu a m'gulu lathu lowerenga mbiri, miyezi yapitayi takhala pa nkhani ya thonje: mmene mzinda uno udalemerera ndi nsalu, ndiponso mmene bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe lidakhazikitsidwa kuno mu 1902, lidafikira mpaka ku Chigwa cha Shire kukalimbikitsa agogo athu kulima mbewuyi. Ulendo uno tiyeni titembenukire ku mbali ina ya mbiri yomweyo. Mafakitale aja sankatulutsa nsalu zokha ayi. Ankatulutsanso utsi, matenda ndi maliro, ndipo padafunika anthu oyeza ndi owerengera kuti boma livomere zoti pali vuto. Funso lathu nali: zomwe wasayansi wapeza m'botolo lake zimayenda bwanji mpaka kukalembedwa m'buku la malamulo? Nanga bwanji ulendowo nthawi zina umatha m'chaka chimodzi, nthawi zina umadya zaka 100?

Si funso la anthu a ku yunivesite okha. Ambirife timagwira ntchito za usiku m'nyumba zosamalira okalamba, ena timayendetsa ma taxi, ena timagawa katundu pa njinga. Mpweya womwe timapuma pa msewu, chakudya cha m'sitolo, timapiritsi tomwe azamba amapatsa amayi oyembekezera, zonsezi zili ndi malamulo ake, ndipo lamulo lililonse lili ndi mbiri ya anthu omwe adavutika lisanabwere.

Tiyambe ndi mowa, paja nkhani ya mowa sisowa omvera.

Mu 1900 madokotala a kuno ndi a ku Salford adayamba kulandira odwala ambiri a zizindikiro zofanana: dzanzi m'manja ndi m'mapazi, miyendo kufooka mpaka munthu kulephera kuyenda, khungu kuda ndi kusupuka. Ambiri anali amphawi, ogonekedwa m'chipatala cha nyumba ya osauka ku Crumpsall, malo omwe lero ndi mbali ya North Manchester General Hospital. Matendawa anali nalo kale dzina m'mabuku a madokotala: kuonongeka kwa mitsempha chifukwa cha uchidakwa. Ndiye wodwala akanena kuti iye amangomwa pang'ono, palibe ankamukhulupirira. Chidakwa chimavomera ngati? Mmphawi uja adwale, kenako anenedwenso kuti wadzidwalitsa yekha.

Dokotala wina wa pachipatalapo, Ernest Septimus Reynolds, sadakhutire. Adaona kuti odwala ambiri alinso ndi mashingozi, ndipo ankadziwa kuti poizoni wotchedwa arsenic amabweretsa mashingozi. Adaonanso kuti matendawa akugwira omwa mowa wa m'migolo, pomwe omwa zakumwa zaukali zija zofanana ndi kachasu wathu sakudwala chonchi. Vuto likadakhala uchidakwa weniweni, bwenzi a zaukali ali patsogolo pa mzere. Adatenga mowa womwe odwala ake ankamwa n'kuuyeza, arsenic n'kupezeka. Adalengeza zimenezi m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal mu Novembala 1900.

Kulondola gwero lake sikudatenge nthawi. Pofuna kutchipitsa mowa, ofulula ambiri ankachepetsa chimera n'kuthirako shuga wa m'fakitale, wopangidwa posungunula ufa ndi asidi wa sulufule. Shugayo ankachokera ku kampani ya Bostock ya ku Garston ku Liverpool, yomwe inkagula asidi wake ku kampani ya Nicholson ya ku Leeds. Asidiyo adapangidwa kuchokera ku miyala yokhala ndi arsenic ndipo sadayeretsedwe. Ogulitsa asidi adati iwo sankadziwa kuti akupita m'zakudya. Opanga shuga nawo sankamuyeza. Aliyense kuloza mnzake chala. Anthu oposa 6,000 adadwala ndipo osachepera 70 adafa.

Apa zinthu zidayenda mwa liwiro. Makasitomala atathawa mabala, ofulula adakhuthulira migolo zikwizikwi m'ngalande ndipo adalemba akatswiri oti aziyeza mowa usanatuluke. Mu 1901 boma lidakhazikitsa komiti yayikulu yofufuza, wapampando wake Lord Kelvin, wasayansi wotchuka kwambiri wa nthawiyo. Chomwe chidatulukira pa kafukufukuyu ndiye chotikhudza ife ofuna kumvetsa mmene moto, chakudya ndi thanzi zimalumikizirana. Mowa wina wosathiridwa shuga wa Bostock udapezekanso ndi arsenic. Mu 1902 anthu adadwalanso ku Halifax, shuga uja atachoka kale pa msika. Gwero lachiwiri linali chimera chenichenicho: ochiumitsa ankasonkha moto wa malasha owotchedwa kale aja otchedwa coke, ndipo utsi wake unkasiya arsenic pa njere. Kutanthauza kuti kwa zaka zambiri anthu a chigawo chino ankamwa poizoni pang'onopang'ono, madokotala n'kumalemba kuti n'zidakwa.

Mu 1903 komiti ya Kelvin idapereka malire: arsenic asapitirire gawo limodzi mwa magawo 100 a muyeso wa grain pa galoni ya chakumwa, omwe ndi pafupifupi mamiligalamu 0.14 pa lita. Oyeza zakudya ndi makhoti adayamba kugwiritsa ntchito muyesowu, koma kuti malire a arsenic m'zakudya alembedwe m'malamulo enieni padafika 1959. Mwamva? Zaka 56. Chidapulumutsa anthu msanga si Nyumba ya Malamulo, koma mantha a ofulula kuti bizinesi ikugwa.

Tsopano utsi, nkhani yaitali kuposa yonse.

M'zaka za m'ma 1840 mzinda uno unali ndi machumuni a mafakitale pafupifupi 500, kuphatikiza moto wa malasha m'nyumba iliyonse. Mwaye unkagwa ngati mvula yowaza, mitengo inkauma, zovala zoyanika zinkada zisanaume. Ngakhale tizilombo tidasintha: mu 1848 kuno kudagwidwa kagulugufe ka usiku kakuda bii, ka mtundu womwe kale unali wotuwa wamawangamawanga, ndipo pofika 1895 pafupifupi tonse ta mtunduwu m'dera lino tinali takuda, chifukwa totuwa tinkaoneka msanga kwa mbalame pa makungwa odetsedwa ndi mwaye. Anthu nawo ankafa ali aang'ono. Mu lipoti lake la 1842, Edwin Chadwick adalemba kuti m'mabanja a anthu ogwira ntchito zamanja ku Manchester, zaka za omwalira ukaziphatikiza n'kuzigawa zinkangokwana 17, pomwe ku Rutland, dera la kumudzi, zinkafika 38. Nambala imeneyi tiziimva bwino: sikuti munthu aliyense ankafa ali ndi zaka 17, koma makanda omwalira anali ochuluka moti ankakokera nambalayo pansi. Akatswiri a ziwerengero adamutsutsa pa kawerengedwe kakeko, komabe nambalayo idagwedeza anthu, ndipo lamulo la zaumoyo la 1848 lidatsatira.

Munthu woyamba kuyeza mpweya wa mzinda uno mwadongosolo anali Robert Angus Smith, wa ku Scotland, yemwe adaphunzira za mankhwala ku Germany kwa Justus von Liebig n'kufika kuno mu 1843. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa: kutchera madzi a mvula m'malo osiyanasiyana n'kuwayeza. Mu 1852 adauza bungwe la Manchester Literary and Philosophical Society kuti mvula ya kutali kuminda, ya m'mphepete mwa mzinda ndi ya pakati pa mzinda n'zosiyana, ndipo kuti ya pakatiyo ili ndi asidi wa sulufule wochokera ku malasha. Ndiye chifukwa chake nsalu zinkasuluka, zitsulo n'kumadyeka. Mawu oti mvula ya asidi, omwe dziko lonse lidayamba kuwatchula m'zaka za m'ma 1970, adafalitsidwa ndi iyeyu m'buku lake la 1872.

Tsono taonani mmene umboni womwewo udayendera njira ziwiri.

Njira yoyamba inali ya mafakitale a soda a ku St Helens ndi Widnes, kumadzulo kwathu kuno. Soda ankafunika popanga sopo, magalasi ndi poyeretsa nsalu, koma kapangidwe kake kankatulutsa mpweya wa asidi wa hydrochloric womwe unkaumitsa mitengo ndi mbewu mtunda wautali. Mwa oonongekeredwa munali eni malo olemera, kuphatikizapo Lord Derby, yemwe munda wake wa Knowsley uli pafupi ndi St Helens. Mu 1862 iye adatsogolera komiti ya Nyumba ya Mabwana, asayansi adapereka umboni, ndipo mu 1863 lamulo la Alkali Act lidatuluka. Lidalamula kuti fakitale iliyonse izigwira magawo 95 mwa 100 a mpweya woipawo. Smith ndiye adasankhidwa kukhala mkulu woyendera mafakitale, ali ndi omuthandiza anayi okha.

Lamuloli lidagwira ntchito, ndipo zifukwa zake n'zooneka. Linali ndi nambala yoti munthu angathe kuiyeza, osati mawu ongoti utsi usamachuluke. Njira yogwirira mpweyawo inalipo kale: William Gossage adapanga mu 1836 nsanja yomwe mpweya umakwera m'kati mwake madzi akutsika, asidi n'kusungunukiramo. Mafakitale anali owerengeka, oyendera n'kutha kuwafikira onse. Patapita nthawi asidi wogwidwayo adasanduka malonda, chifukwa adapeza njira yopangira mankhwala oyeretsera nsalu kuchokera kwa iye. Ndiponso, tisanamizane, odandaula anali mabwana okhala m'Nyumba ya Malamulo momwemo.

Njira yachiwiri inali ya utsi wa malasha weniweniwo, womwe unkapha anthu ambiri kuposa asidi wa soda. Apa ndiye padali ulesi wa zaka 100. Magulu olimbana ndi utsi adayamba kale kuno: lina mu 1842, lina la Manchester ndi Salford mu 1876. Malamulo a khonsolo analipo, koma chindapusa chake chinali chochepa, ndipo oweruza milandu nthawi zambiri anali eni mafakitale kapena anzawo. Moto wa m'nyumba ndiye sunkakhudzidwa n'komwe. Wandale uti akadalimba mtima kuuza Mngelezi kuti azime moto wa pabalaza pake?

Koma pali china chomwe ife anthu a maganyu tingachimve msanga kuposa ophunzira. Antchito ambiri sankadana nawo utsi. Chumuni ikamafuka ndiye kuti ntchito ilipo, malipiro abwera Loweruka. Pa nthawi ya njala ya thonje ya 1861 mpaka 1865, nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatseka thonje, kumwamba kwa Lancashire kudayera, m'nyumba muli njala. Anthu adakumbukira zimenezo kwa m'badwo wonse. Ndiye dokotala akabwera ndi ziwerengero za chifuwa, mwini fakitale ankangofunsa kuti kodi mukufuna mpweya wabwino kapena mkate? Funso limeneli silidafe. Tikumana nalo kutsogoloku.

Utsi uja sunkangolowa m'mapapo, unkatchinganso dzuwa, ndipo apa ndi pomwe pakulowera matewe. M'mizinda ya mafakitale ana ochuluka ankakula ndi miyendo yopindika, zifuwa zotuluka, mafupa ofewa, moti ku Ulaya matendawa ankawatcha matenda a Angelezi. Atsikana omwe mafupa a m'chiuno adapindika ali ana ankadzavutika pobereka. Choyambitsa chake chinali mkangano. Mu 1890 Theobald Palm, dokotala yemwe adagwirapo ntchito ya umishoni ku Japan, adalembera amishoni anzake m'maiko otentha kuwafunsa ngati amaona matewe. Mayankho adaonetsa kuti ana osauka kwambiri a m'maiko a dzuwa sadwala kwenikweni matendawa, ndipo iye adati mankhwala ake ndi dzuwa. Palibe adalabadira. Mu 1919 Edward Mellanby adaonetsa pa tiagalu kuti mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod amachiza matewe, gulu lina n'kuti basi, nkhani ndi chakudya. Chaka chomwecho ku Berlin, Kurt Huldschinsky adachiza ana ndi kuwala kwa nyale zapadera, a dzuwa nawo n'kuti mwaona?

Adathetsa mkanganowu ndi mayi wina, Harriette Chick, ndi gulu lake, omwe adagwira ntchito pakati pa ana a njala ku Vienna kuyambira 1919 mpaka 1922. Adaonetsa kuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona: mafuta aja amachiza, kuwala nako kumachiza. Chinthu chake n'chimodzi, vitamini D, yemwe thupi limatha kumupeza m'zakudya zochepa monga nsomba za mafuta, kapena kumupanga lokha khungu likaombedwa ndi dzuwa. Popanda iye, thupi silitha kuyamwa bwino kashiamu womanga mafupa.

Boma lidachita chiyani ndi umboniwu? Lidasankha njira yotchipa. Kuchotsa utsi kunali kovuta, koma kuthira vitamini m'chakudya kunali kosavuta, makamaka nkhondo itabwera ndipo boma litagwira lokha kagawidwe ka zakudya. Kuyambira 1940 majarini adalamulidwa kukhala ndi mavitamini A ndi D, ndipo mu 1941 ana aang'ono adayamba kulandira mafuta a nsomba aja. Matewe adatsika kwambiri. Kwathu timaidziwa njirayi: mchere wa ayodini, komanso shuga wothiridwa vitamini A yemwe adayamba kugulitsidwa ku Malawi mu 2012. Koma nayo ili ndi malire ake. M'zaka za m'ma 1950 makanda ena kuno adapezeka ndi kashiamu wopitirira muyeso m'magazi, akatswiri adakayikira kuti vitamini D wachuluka mu mkaka wa ufa ndi phala la ana, ndipo mu 1957 muyeso udatsitsidwa.

Kenako matewe adabweranso, ulendo uno pa ana a obwera. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 madokotala a ku Glasgow adawapeza m'mabanja ochokera ku Pakistan, ndipo mu 1981 boma lidachita kampeni yapadera. Chifukwa chake chikutikhudza mwachindunji abale. Khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitamini D wofanana ndi wa khungu loyera, ndipo kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limakhala lofooka moti khungu la aliyense silipanga kanthu kooneka. Onjezerani shifiti ya usiku, masana munthu uli m'tulo makatani otseka. Mu 2016 komiti ya akatswiri yolangiza boma pa zakudya idaunikanso umboni wonse, ndipo uphungu womwe ulipo lero ndi wakuti aliyense aganizire zomwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizira, pomwe ife a khungu lakuda tiganizire zomwa chaka chonse. Tikamamva nesi akunena zimenezi tisamati akutitsatsa malonda. Kumbuyo kwake kuli tiagalu ta Mellanby ndi ana a ku Vienna.

Tibwerere ku utsi. Maganizo omwe adathyola msana wa vutoli adabadwira kuno. Mu 1935 Charles Gandy, loya wa ku Manchester yemwe ankatsogolera bungwe la National Smoke Abatement Society, adati m'malo mothamangitsana ndi chumuni imodziimodzi, tijambule malire a dera n'kunena kuti m'kati muno utsi ndi woletsedwa, kaya wa fakitale kaya wa m'nyumba. Khonsolo idalandira mphamvu zotero m'lamulo lake la 1946. Coventry idatiyambirira mu 1951, koma pa 1 Meyi 1952 pakati pa mzinda wa Manchester, dera la maekala oposa 100, padakhala popanda utsi. Otsutsa ankati utsi sudziwa malire, ungolowa kuchokera ku Salford. Zidaoneka kuti ngakhale kadera kakang'ono kamayera ndithu, ndipo eni masitolo adayamba kukondwa nazo.

Miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake, kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, chifunga chosakanikirana ndi utsi chidakuta London, mphepo itaima. Owerengera maliro adapeza kuti anthu pafupifupi 4,000 adafa kuposa mwa nthawi zonse, ndipo kafukufuku wa zaka za posachedwa, yemwe adawerengera ndi miyezi yotsatira, amati adafika cha m'ma 12,000. Boma lidayamba lazemba, imfa za miyezi yotsatirayo n'kuzikankhira pa chimfine. Koma manyuzipepala ndi aphungu sadalole. Komiti ya Hugh Beaver idapereka lipoti lake mu 1954, phungu wina, Gerald Nabarro, adabweretsa bilu yakeyake kuti akakamize boma, ndipo mu 1956 lamulo la Clean Air Act lidatuluka. Lidatenga nzeru ya Gandy ija n'kuipereka kwa makhonsolo onse.

Sayansi ya mu 1956 sinali yachilendo. Zambiri Smith adazinena zaka 100 m'mbuyo. Zatsopano zinali zina. Maliro adachitikira ku likulu, pamaso pa aphungu, m'sabata imodzi, osati pang'onopang'ono m'makwalala a Ancoats. Chitsanzo chogwirika chinalipo kale kuno ndi ku Coventry. Ndipo lamulolo lidabwera ndi ndalama: banja losintha malo osonkhera moto linkabwezeredwa magawo 70 mwa 100 a mtengo wake, boma ndi khonsolo atagawana. Mwayi nawo udathandiza. Gasi adapezeka pansi pa North Sea mu 1965, nyumba zambiri zidasiya malasha, ndipo migodi idayamba kutsekedwa. Mgodi wa Bradford Colliery, pafupi ndi pomwe pali bwalo la Etihad lero, udatsekedwa mu 1968. Wa Agecroft ku Salford mu 1991. Ogwira m'migodimo sadafunsidwe ngati akukondwa. Malo omaliza opangira magetsi ndi malasha m'dziko lino, a Ratcliffe-on-Soar, adazima pa 30 Seputembala 2024. Tigulugufe takuda tija nato tasowa, totuwa tabwerera.

Wina anena kuti nanga kwathu, komwe utsi suli m'chumuni ya fakitale koma m'khitchini ya amayi athu? Pali phunziro lochokera ku Malawi lomwe likuonetsa kuti umboni suyankha nthawi zonse momwe tikufunira. Kwa zaka zambiri mabungwe ankakhulupirira kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa zichepetsa chibayo mwa ana. Zomveka ndithu, eti? Akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a ku Malawi adaganiza zoyesa. Adatenga midzi 150 ya ku Chikwawa ndi Karonga, ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, midzi ina n'kulandira mbaula zamakono zokhala ndi kafani koyendera dzuwa, ina n'kupitiriza kuphika pa mafuwa. Kusankha midzi kudachitika mwa maere kuti pasakhale kukondera. Zotsatira zidatuluka kumapeto kwa 2016 m'magazini ya The Lancet: chibayo sichidatsike. Kupsa ndi moto kwa ana kudachepako, koma chibayo ayi.

Izi sizikutanthauza kuti utsi ndi wabwino. Mbaula zinkaonongeka, mabanja ankabwerera ku mafuwa pophika nsima ya anthu ambiri, ndipo mwana amapuma utsi wa mudzi wonse: wa zinyalala, wa tchire lopsa, wa khomo loyandikana nalo. Titaiyang'ana bwino, ndi nzeru ya Gandy yomweyo itavala chitenje: chumuni imodzi siyeretsa dera. Mbaula zosunga nkhuni zili ndi ubwino wake pa mitengo ndi pa nthawi ya amayi, koma woti azigawa ponena kuti akuthetsa chibayo ayenera kuyamba wayankha kafukufukuyu.

Kuno nako nkhondo ya mpweya sidathe, idangosintha mdani. Wa lero saoneka ndi maso: mpweya wa nitrogen dioxide wochokera makamaka m'magalimoto a dizilo, ndi tifumbi tosaoneka. Malire a lamulo ndi mamaikulogalamu 40 pa kyubiki mita imodzi ya mpweya, powerengera chaka chonse, ndipo misewu ingapo ya Greater Manchester yakhala ikupitirira pamenepo. Bungwe la maloya la ClientEarth lidagonjetsa boma m'khoti katatu, mu 2015, 2016 ndi 2018, chifukwa chochedwa kukonza vutoli. Mu Disembala 2020 wofufuza za imfa ku London adagamula kuti mpweya woipa udathandizira imfa ya Ella Adoo-Kissi-Debrah, mtsikana wa zaka 9 wodwala mphumu yemwe adamwalira mu 2013, ndipo aka kanali koyamba m'dziko lino kuti chifukwa chotere chilembedwe pa chikalata cha imfa.

Makhonsolo khumi a chigawo chathu adakonza dongosolo, lomwe gawo lake loyamba linkayenera kuyamba pa 30 Meyi 2022, loti magalimoto akale a malonda azilipira tsiku lililonse: mapaundi 60 kwa mabasi ndi malole, 10 kwa mavani, 7.50 kwa ma taxi. Galimoto za anthu wamba sizinkakhudzidwa. Zikwangwani zidakhomedwa, makamera adaikidwa. Ndiye funso lija la mpweya kapena mkate lidadzukanso. Mliri wa Covid unali utakweza mitengo ya magalimoto atsopano, ndipo oyendetsa ma taxi ndi eni mavani, ambiri mwa iwo obwera ngati ife, adati kodi ndalama yogulira ina tiitenga kuti? Adachita zionetsero. Mu Febuluwale 2022 dongosololi lidaimitsidwa, meya Andy Burnham ndi boma la ku London akukankhirana mlandu.

Nkhani imeneyi imatigawa pakati m'gulu lathu lomwe lino, ndipo mpake. Woyendetsa taxi yemwe akadalipira 7.50 tsiku lililonse ndi yemweyo amakhala m'nyumba ya lendi yotchipa m'mphepete mwa msewu waukulu, mwana wake ali ndi kopopera ka mphumu m'chikwama cha sukulu. Wasayansi angatiuze kuti mpweya wafika pa nambala yakuti ndipo ukudwalitsa anthu angati. Sangatiuze kuti alipire ndani. Mu 1956 yankho lidali lakuti boma linyamule gawo lalikulu, ndipo ife tikuona kuti dongosolo la 2022 lidagwa chifukwa thandizo lomwe lidalonjezedwa silinkafanana ndi mtengo weniweni wa galimoto pa msika.

Mu Januwale 2025 boma lidavomereza dongosolo lina lopanda kulipiritsa: mapaundi 86 miliyoni, ochuluka mwa iwo ogulira mabasi oyera a Bee Network, ena othandizira ma taxi ndi kukonza kayendedwe ka magalimoto pakati pa mzinda, cholinga chili chofika pansi pa malire a 40 aja pofika 2026. Makina oyeza mpweya ali m'misewu, monga pa Oxford Road ndi ku Piccadilly, ndipo manambala ake aliyense angathe kuwaona pa intaneti, kotero lonjezoli tingathe kuliyeza tokha monga Smith ankachitira ndi mabotolo ake. Poyang'ana manambalawo tizikumbukira kuti 40 ndi malire a lamulo chabe. Mu 2021 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, litaunikanso kafukufuku wa zaka 15, lidatsitsa muyeso wake kuchoka pa 40 kufika pa 10.